Wosunga Pomaliza

Tsiku limenelo kumwamba kunacha kutatupa. Mitambo inaunjikana cha kumapiri a Musandifunse, yakuda kunsi, ikung'ung'udza chapansipansi ngati munthu amene wamanidwa mawu pamsonkhano, koma dontho silinagwe. Kunkangotentha. Mu Ufumu wa Tidzaona anthu ankati ngakhale mvula imayamba yadikira chilolezo.

A Lufeyo Nthala anayang'ana mitamboyo kamodzi, navala jekete lawo la kutchalitchi, nauyamba ulendo wa kulikulu, mzinda wa Bweranimawa. Anali mmisiri womanga nyumba, munthu wosakonda kulankhula. Pabanja pawo wolankhula anali mkazi wawo Esitele, amene mudzi wonse unkamutchula kuti Anangondo. Ndiye ankapereka moni kwa alendo, ndiye ankakangana ndi ogula njerwa, ndipo a Lufeyo ankangogwedeza mutu pamalo oyenera. Anangondo anamwalira chaka chathacho nthawi yokolola. Dzinja limodzi linali litadya kale theka la mtumbira wawo, ndipo a Lufeyo ankadziwa kuti lachiwiri likadzadutsa padzangotsala thengo loti mbuzi zizidyapo.

Pa moyo wawo anamangira ziliza anthu ambiri amene sankawadziwa n'komwe. Tsopano ankafuna kumanga chimodzi chokha. Njerwa anali ataumba ndi kuwotcha. Chimene analibe chinali chilolezo.

Lamulo la ku Tidzaona linkati munthu wamoyo aliyense womangira mnzake chiliza popanda chilolezo ndiye kuti akumufunira imfa, ndipo malo ake ndi kundende ya Khalanipo. Chilolezocho chinkatuluka pokhapokha dzina la womwalirayo likaoneka kuti lamwaliradi mu Kaundula wa Tonse.

Kaundula wa Tonse sanali buku. Inali fayilo imodzi ya pakompyuta, ya mizere yopingasa ndi yotsika, timabokosi tokhatokha ngati zisa za njuchi. Munthu aliyense wa mu ufumuwo anali ndi mzere wake: dzina, mudzi, mbuzi zake, ndipo kumapeto kabokosi konena ngati ali moyo kapena wamwalira. Fayiloyo inkakhala pa kompyuta yaikulu ya kunyumba yachifumu, ndipo maofesi onse ankaifikira kudzera pa netiweki, aliyense n'kumalembamo nthawi imodzi ndi anzake. Tsiku loitsegulira kunaphedwa ng'ombe, amayi anavina mpaka zitenje kumasuka, ndipo Mfumu Salakwa Wachitatu inalengeza kuti kuyambira tsikulo Tidzaona adzakhala ndi choonadi chimodzi chokha.

Choonadicho chinayamba kumenyana chokha sabata yomweyo. Anthu awiri akalemba zosiyana m'kabokosi kamodzi, kompyuta inkafunsa wofuna kusungayo funso laulemu ndithu: tisunge Zanga, kapena Za Ena? Koma ku Tidzaona kunali kusanabadwe munthu wodina Za Ena. Nduna ya Zaulimi ikalemba kuti nkhokwe zadzaza, Nduna ya Zopemphetsa inkalemba pomwepo kuti kuli njala ya dzaoneni, ndipo nkhokwezo zinkadzaza ndi kuphwa kangapo tsiku limodzi, malinga ndi amene wachedwa kubwera kuchokera kunkhomaliro.

Akuluakulu anayesa njira zambiri. Anati azilowa mmodzimmodzi, wina akatuluka wina alowe. Nduna ina inalowa n'kupita kuukwati kumudzi kwawo fayilo ili chitsegulire, ndipo boma lonse linaima kudikira kuti akwatiwo amalize kuvina. Anati aliyense akhale ndi mtundu wakewake wa zilembo, nduna zonse zinafuna wagolide. Anati ofesi iliyonse ikhale ndi fayilo yake, ndipo mwezi usanathe panali Kaundula Womaliza, Kaundula Womaliza Weniweni, ndi Kaundula Womaliza Weniweni Osakhudza, onse onena zosiyana.

Potsiriza anakumbukira mwambo. Pabwalo wamkulu amalankhula pomaliza, ndipo akalankhula nkhani yatha. Choncho kunatuluka lamulo lakuti alembi azisunga m'mawa, mabwana masana, nduna chakumadzulo, ndipo Lachisanu lililonse dzuwa likapendeka Mfumu yokha izisunga pomaliza, ng'oma zikulira. Popeza dziko lonse linali lake, akatswiri anakonza zoti kabokosi kalikonse kaziwerengedwa kuti n'kake. Ndiye inkanyamula litchowa lake, n'kudina ndi chogwirira chake batani lolembedwa kuti Zanga Zonse.

Panali kanthu kamodzi. Mfumu inatsegula fayiloyo tsiku la ng'ombe lija ndipo sinaitsekenso, pakuti chimene Mfumu yatsegula palibe wochitseka, ngakhale Mfumuyo. Kompyuta yake inali ndi jenereta yakeyake ndi msilikali woilondera. Zimene zinali pasikirini yake zinali za tsiku lija, ndipo Lachisanu lililonse ufumu wonse unkabwerera komweko. Obadwa ankafufutika. Mbuzi zodyedwa zinkabwerera m'khola. Akufa ankadzuka.

Ichi sichinali chinsinsi. Alembi ankadziwa, nduna zinkadziwa, ngakhale anyamata a kabaza ankadziwa. Nyuzipepala ya boma inkazitchula kuti Chaka Chopanda Maliro.

Ku Ofesi ya Obadwa ndi Omwalira a Lufeyo anapeza mlembi wake, mayi Dailesi, akudzikupiza ndi chidutswa cha katoni. Anali mayi wa nkhope yosonyeza kuti anasiya kalekale kudabwa.

"Mwabweranso, bambo Nthala."

"Eya."

"Mayi aja ndinawapha Lolemba, monga mwa nthawi zonse. Onani nokha." Anawatembenuzira sikirini. Pamzere wa Nthala Esitele panalembedwa kuti WAMWALIRA. Kunsi kwake, pamzere wa Nthala Lufeyo, panali ALI MOYO. "Panopa ndi malemu ndithu. Koma lero ndi Lachisanu. Madzulo ano adzuka."

"Ndipatseni chilolezo asanadzuke."

"Mukudziwa kuti sizitheka. Chilolezo chimatuluka pa zimene Mfumu yasunga, osati zimene ndalemba ine. Ine ndine wa m'mawa, bambo. Mawu anga amauma limodzi ndi mame."

A Lufeyo anawayang'ana, chipewa chili pabondo.

"Musandiyang'ane choncho. Ine bambo anga ondibala ndawapha kangati? Chala chimachita kudziwa chokha poti chidine. Amayi anafika pondifunsa kuti, kodi iwe kutauni kuja ntchito yako ndi yopha bambo ako basi?" Anatsegula kabati natulutsa pepala. "Kwabweranso ili. Anangondo aitanidwa kukaimba pa chikondwerero cha Chaka Chopanda Maliro. Kaundula akuti ndiwo amatsogolera nyimbo kumudzi kwanu."

"Ankatsogolera."

"Ndilembe chifukwa chanji chosabwerera? Pali malo a matenda, pali a ulendo, pali a mwano."

"Lembani ulendo."

"Abwerako liti?"

A Lufeyo anavala chipewa.

Anadzera pamsika wa Tingotero, pamene mlamu wawo a Wedisoni, mlongo wake wa Esitele, anali ndi shedi ya ukalipentala. Kale a Wedisoni ankakhoma mabokosi a maliro. Chiyambireni Chaka Chopanda Maliro ntchitoyo inathetsedwa, ndiye pachikwangwani analembapo kuti MABOKOSI AATALI OSUNGIRAMO ZOVALA, ndipo malonda ankayenda monga kale. Ogula ankabwera maso ali psuu, n'kutchula msinkhu wa zovalazo.

"Alamu, jekete kotentha chonchi? Mukukafunsira mbeta?"

"Ndinali kuofesi."

"Mlongo wanga ali bwanji kumeneko?"

"Wamwalira. Adzuka madzulo."

"Anali wotero kuyambira ali mwana, sankakhala malo amodzi." A Wedisoni anauzira utuchi pathabwa limene ankapala, ndipo mawu awo anatsika. "Ndinadutsa kumanda dzulo. Mtumbira uja watsala pang'ono kufanana ndi pansi. Kamtanda kaja chiswe chamaliza."

"Ndinaona."

Pafupi ndi shedipo panakhala Anasibeko, mayi wogulitsa tomato, mwana ali kumbuyo. Sankadikira kuitanidwa m'nkhani za anthu.

"Inu bola, akufa anu amadzuka," anatero. "Ine uyu ndinamubereka ndekha, mudzi wonse unamva kukuwa, koma boma likuti ndi mphekesera. Kuchipatala akuti katemera sabaya mphekesera."

"Koma kudya amadya?" anafunsa a Wedisoni.

"Mphekesera yake imatha phala imeneyi, musaione."

A Wedisoni anatembenukiranso kwa mlamu wawo. "Ingomangani, alamu. Ndani amapita kumanda kukawerenga ziliza?"

"A Sandifolo anamanga."

"Iwo aja anachita kuitana ndi kwaya yomwe."

"Ali ku Khalanipo."

"Ali konko, zoona. Ndipo mkazi wawo amene anamumangira chiliza uja, boma linamutumizira uthenga womupepesa pa nkhanza za mwamuna wake." Anaika thabwalo pambali. "Komatu nafe akuchikazi mwatitopetsa. Kukusudzulani sitingathe, poti mkazi wanu ali moyo. Mukhala mkamwini wathu mpaka kalekale. Denga la amayi likudontha, mwamva? Ntchito yanu imeneyo."

"Ndikupita kubwalo."

"Kukatani?"

"Kukanena."

"Inu? Kunena?" A Wedisoni anavula epuloni. "Munthu woti paukwati wanu anachita kukuvomererani ndi ankhoswe? Anasibeko, ndiyang'anireni shediyi. Izi sindingamvere kwa anthu."

Bwalo la Lachisanu linkachitikira m'chinyumba chachikulu chotchedwa Mwatero. Kutsogolo kunali mpando wachifumu, pambali pake kompyuta ija ndi msilikali wake, ndipo pakhoma panali sikirini yaikulu yoonetsa anthu onse zimene dzanja la Mfumu likuchita. Mfumu Salakwa inali yaifupi, ya maso ofooka, koma magalasi sinkavala pagulu, pakuti Mfumu yosalakwa singachite kuthandizidwa kuona.

A Lufeyo ndi a Wedisoni anapeza nduna zili mkati mokangana. Alendo a kumaiko akutali, amene analonjeza kudzapereka mendulo ya Dziko Lathanzi, anali atayamba kukayikira. Amene anali ataimirira anali a Ndamvetsedwa, Nduna ya Zoona, munthu wamtali wa mawu ngati wailesi.

"Mwinidziko, alendo amenewa ndi anthu ansanje. Kwawo amafa tsiku ndi tsiku, ndiye akuti dziko lopanda maliro kulibe. Akuti kaundula wopanda ngakhale womwalira mmodzi ndi wowonongeka. Ine maganizo anga ndi oti tiwapatse maliro amodzi. Amodzi okha, aukhondo, oti akawaona akhulupirire kuti ena tonsefe tili moyo mwachilungamo."

A Mwachira, Nduna ya Zaumoyo, anadzuka mpando usanawalole. "Mu unduna wanga simufa munthu. Ngati a Ndamvetsedwa akufuna maliro, ayambe iwowo."

"Ine ndili ndi ntchito yambiri."

"Ndiye afe ndani? Atipatse dzina."

Nduna zonse zinayamba kuyang'ana nsapato. Iliyonse inali ndi akufa ake kumudzi, koma akufawo anali akulandirabe makuponi a feteleza, ndipo panalibe wofuna kuwasokoneza pa ulimi wawo.

Nkhaniyo inasiyidwa m'malere, ndipo inafika nthawi ya madandaulo a anthu wamba. Mwa chizolowezi, odandaula a ku Tidzaona ankabwera kudzathokoza. Woyamba anathokoza chifukwa cha mlatho umene unakokoloka koma mu Kaundula unali chiimire. Wachiwiri anathokoza kuti agogo ake, amene anawalira chaka chatha, akupeza bwino. Wachitatu anali a Lufeyo. Anagwada, naomba m'manja mwaulemu, nadikira kuti litchowa liwaloze.

"Akazi anga anamwalira."

M'nyumbamo anthu anayang'anana. Mawu amenewo anali asanamvekemo chiiphereni ng'ombe ija. Mfumu inatembenukira kumanzere.

"A Zaumoyo?"

A Mwachira anafunsa dzina, nathamangira pakompyuta, nafufuza osakhudza kanthu kosayenera. "Nthala Esitele. Ali moyo, Mwinidziko. Mbuzi zawo zilinso bwino."

"Wamva, mwana wanga. Pita ukasangalale."

"Ndinawaika m'manda ndekha."

"Unapupuluma," inatero Mfumu mwachifundo. "Ukadayamba wafunsa."

"Ndikupempha chilolezo cha chiliza, Mwinidziko. Mtumbira ukutha. Mvula yayandikira."

Kumbuyo kuja a Wedisoni ananong'oneza munthu amene anakhala naye pafupi kuti mlamu wawo wamaliza mawu a chaka chonse.

A Ndamvetsedwa anali ataimirira kale, nkhope ikuwala. "Mwinidziko, mizimu yatiyankha. Awa ndiwo maliro athu. Mayi wakumudzi, wopanda wachibale m'boma, mwamuna wake wavomera kale. Ndiponso mlembi wa m'mawa anawalemba kalekale kuti amwalira. Chongofunika n'chakuti posunga lero, pa kabokosi kameneka kokha, Mwinidziko adine Za Ena."

Woimba ng'oma anagwetsa ndodo. Mayi wina anagwira pakamwa. A Ndamvetsedwa anamva mawu awo akubwerera kuchokera kudenga, ndipo thukuta linayamba kutsika m'kolala.

"Ndidine chiyani?" inafunsa Mfumu.

"Ndamvetsedwa molakwika, Mwinidziko."

"Ine ndimvere mlembi wa m'mawa? Lero ndimvera mlembi, mawa ndimvera wa tomato, mkuja ndidzapezeka ndikumvera nduna." Inaimirira. "Ayi. Mu ufumu uno munthu akafa, afe ndi dzanja langa. Imfa imeneyi ndilemba ndekha, ikhale m'gulu la Zanga."

Nthungululu zinamveka. A Mwachira, amene posachedwapa ankakana maliro, anaomba m'manja kuposa onse. A Lufeyo anakhalabe chigwadire. Mumtima munawapepukira pang'ono, ndipo anayamba kuwerengera mchenga umene akatute kudambo.

Mfumu sinkakhudza kompyuta ndi zala. Inagwira litchowa chamutu, ubweya uli m'mwamba, inayandikitsa nkhope pasikirini, inatsinzina diso limodzi, inapeza pamene panali a Nthala, n'kudina. Kenako inayamba kulemba, chilembo chimodzichimodzi, ndipo chilembo chilichonse ng'oma inkachilandira. Zinatenga nthawi. Itamaliza inabwerera m'mbuyo kuti anthu aone ntchito ya manja ake pakhoma paja.

Nthala Esitele: ALI MOYO.

Nthala Lufeyo: WAMWALIRA.

Odziwa kuwerenga anawerenga. Osadziwa anawerenga nkhope za odziwawo. Nduna zinapeza kuti kudenga kuli zinthu zochititsa chidwi. A Mwachira anatsegula pakamwa, natsekanso. A Ndamvetsedwa, amene anali atalakwa kale kamodzi tsikulo ndipo analibe malo a kachiwiri, anayamba kuomba m'manja, ndipo bwalo lonse linatsatira. Litchowa linatsika pa Zanga Zonse. Ng'oma zinalira.

"Ameneyo ndine," anatero a Lufeyo phokoso litachepa.

"Akuti chiyani?" inafunsa Mfumu.

"Mzere umenewo ndi wanga."

"Malemuwa akuthokoza, Mwinidziko," anatero a Ndamvetsedwa.

Mfumu inayang'ana pakhoma nthawi yaitali. Mwina inaona, mwina sinaone. Koma dzina lake linali Salakwa, ndipo awiri amene analitenga iyo isanabadwe analisunga osalidetsa. Inavula chisoti, n'kuchigwira pachifuwa.

"Tidzaona wataya mwana wake. Munthu ameneyu ndinkamudziwa bwino kwambiri." Inapendeketsa khutu, a Mwachira n'kuinong'oneza dzina. "Lufeyo. Anali munthu wolimbikira, wosadandaula, womvera malamulo, moti ngakhale pa imfa yake wabwera yekha kudzatidziwitsa. Enanu mutengerepo phunziro. Ndikulamula kuti mbendera zitsike. Chilolezo cha chiliza chituluke lero lomwe. Simenti ichokere m'nkhokwe yachifumu. Alendo aja auzidwe kuti nafenso timafa, koma mwadongosolo. Ndipo uthenga wa chipepeso upite kwa mkazi wamasiyeyo, amene ndamva kuti amaimba bwino."

Asilikali awiri anawadzutsa a Lufeyo mosamala, monga anyamulira munthu wa mkhalidwe wawo, nawaperekeza mpaka pakhomo.

Mayi Dailesi anali ataziona kale pasikirini yawo. Atawaona akulowa anaimirira, chinthu chimene anali asanawachitirepo.

"Pepani ndi zovutazi, bambo Nthala."

"Zikomo."

"Lolemba ndikhoza kukudzutsani, koma Lachisanu mufanso. Inu ndiye mwafa ndi dzanja lenileni."

"Musavutike."

Makina osindikizira anatsokomola, natulutsa pepala la chidindo chofiira. Mayi Dailesi analiwerenga mokweza. "Chiliza chimodzi, manda a banja la Nthala. Wolandira chilolezo: mkazi wa malemu." Anawayang'ana. "Akufunika abwere okha."

"Ali paulendo."

"Zoona. Ndinalemba ndekha." Analipinda pepalalo. "Ndiye mukawapatsire. Koma ndikuuzeni, poti ndikuona m'maso mwanumo. Mukakalemba dzina la mayi pachilizapo, adzati mwamangira munthu amene ali moyo. Mudzakawapeza a Sandifolo."

"Lamulo likuti ndani?"

"Likuti munthu wamoyo aliyense womangira mnzake..." Mayi Dailesi anaima pomwepo. Anakhala pansi, natola katoni yawo ija, nayambanso kudzikupiza pang'onopang'ono. "Ku Khalanipo salandira mitembo," anatero. "Akuti imawononga mbiri ya ndende. Yendani bwino, malemu."

A Wedisoni anali atapeza ngolo ya abulu. Kunkhokwe yachifumu matumba a simenti anakwezedwa msanga, woyang'anira nkhokweyo akupewa kuyang'ana a Lufeyo m'maso. Podutsa pamsika wa Tingotero nkhani inali itafika kale. Amuna anavula zipewa, ena akuluma milomo kuti asaseke pamaliro.

"Malemu, mwaswera bwanji?" anafunsa Anasibeko.

"Ndaswera."

"Mukakafika kumeneko mukafunse ngati amalemba ana. Mwina wangayu ndingamulembetse konko." Anaponya tomato awiri m'ngolo. "Chipepeso. Mukawapatse amasiye."

Atatuluka mumzinda a Wedisoni anayamba kuwayeza mlamu wawo ndi maso, kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato.

"Zovala zanu ndi zazitali bwanji, alamu? Ndili ndi thabwa labwino la mkungudza, ndikuchitirani mtengo wachibale."

A Lufeyo anakonza thumba la simenti limene linkatsetsereka.

"Ndiye mwambo mwatisokonezera. Tisudzule ndani tsopano? Wamasiye ndi mlongo wanga. Akuchimuna kwanu abwere adzamumasule, mwina angapeze mwamuna wolankhula." Anakwapula bulu mopanda mphamvu. "Koma denga la amayi lija musaiwale."

"Ndafa," anatero a Lufeyo.

A Wedisoni anaseka mpaka abulu anaima. Anaseka atagwira m'mimba, misozi ikutsika, ndipo patapita nthawi misoziyo inapitirira yokha kuseka kutatha. Anaipukuta ndi mkono, nayendetsanso ngolo. Anadutsa dambo, nadutsa chigayo. Pokhota pa mitengo ya kumanda onse awiri anayang'ana mbali imodzi.

"Akadakhalapo akadaifotokoza bwino nkhani ya leroyi," anatero a Wedisoni. "Ndi mawu a Mfumu omwe akadawayeserera."

"Eya."

Pamenepo mitambo ija inasiya kung'ung'udza. Madontho akuluakulu anayamba kugwa patalipatali, akudzutsa fungo la fumbi. Inali mvula yongozimitsa lupsa, yosakhalitsa, koma simenti sidziwa zimenezo. A Lufeyo anavula jekete lawo la kutchalitchi nafunditsa matumba aja, iwo n'kukhala pamwamba pake mpaka kunyumba.

Kutacha anatuta mchenga ndi njerwa, napita kumanda, namanga chiliza. Simenti isanaume anatenga msomali, nalemba dzina la Esitele, nasiya mzere umodzi kunsi kwake woti padzalowe lawo.